Kudzutsa Peugeot 504 Kuseri kwa Nyumba

Ine ndine makaniko. Ndinayamba ngati sipanala boyi m'galaja ina ku Limbe, kutsuka mabawuti m'beseni la palafini ndi kupatsira zida akuluakulu ali chigonere pansi pa galimoto. Masiku ano masana ndimakonza magalimoto a makasitomala, ambiri ochokera ku Japan, amene umayamba walumikiza kompyuta kuti udziwe chimene chavuta. Koma madzulo ndi Loweruka mudzandipeza pakhomo panga ku Chilomoni, m'shedi ya malata imene ndinamanga kuseri kwa nyumba, ndikudzutsa magalimoto akale amene eni ake anawataya mtima. Mwa onse amene adutsa m'shedi imeneyi, imene inandiphunzitsa zambiri ndi Peugeot 504 ya saluni, ya m'zaka za m'ma 1970.

Amene anakula nthawi imeneyo akuikumbukira bwino, ndi nyali zake zam'tsogolo zopendekeka ndi buti yake yotsetsereka kumbuyo. Inatuluka koyamba ku France mu 1968, maonekedwe ake anajambulidwa ndi kampani ya ku Italy ya Pininfarina, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Mbiri yake yeniyeni inaipeza m'misewu yafumbi ya kuno ku Africa. Mu 1975 Ove Andersson wa ku Sweden anapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, m'misewu ya matope ndi miyala imene inkathyola magalimoto ena. Ku France anasiya kupanga saluni mu 1983, koma ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004, ndipo nako ku Kaduna m'dziko la Nigeria inkatulukabe zaka za m'ma 2000 zitayamba kale. Kwa makaniko mbiri imeneyi ili ndi phindu lenileni. Galimoto imene inapangidwa kwa zaka zambiri chotero masipeya ake sasowa kotheratu, ungoyenera kuleza mtima powafunafuna.

Ntchito yodzutsa galimoto yakale imayima pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi ndondomeko: chiyenera kuyamba n'chiyani, chiyenera kutsiriza n'chiyani. Chachiwiri ndi kudziwa zimene ungasinthe kuti galimoto iyende bwino m'misewu ya lero, ndi zimene uyenera kuzisiya momwe anazipangira. Anthu ambiri amayambira pa penti ndi mawilo onyezimira chifukwa ndizo zimaoneka ndi maso. Ine ndimayambira pa mapepala, kenako thupi la galimoto, mabuleki, injini, magetsi, ndipo penti amabwera pomalizira penipeni.

Galimoto imeneyi ndinaipeza ku Thyolo, pakhomo pa mayi wina wachikulire amene amuna awo anali mphunzitsi wamkulu. Inali itakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa peyala kuyambira pamene bambowo anamwalira. Nditapereka moni ndi kufotokoza chimene ndinadzera, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Mwanangu, malemu bambo anu ankaisamala kwambiri galimoto imeneyi. Ngati mwadzera kukaiphwasula kuti mugulitse zitsulo, ingoisiyani pomwepo." Ndinayankha kuti: "Amayi, ine ndi wokonza, ndikufuna iyendenso." Atavomera, ndinapempha blue book ndisanatsegule n'komwe boneti. Ndinayerekeza nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zolembedwa m'bukumo, ndipo ndinapempha kuti ana awo akhalepo pogwirizana za mtengo, popeza unali katundu wamasiye. Galimoto yopanda mapepala olongosoka ukhoza kuiwonongera ndalama zako zonse, pamapeto pake n'kulephera kuilembetsa m'dzina lako ku Road Traffic.

Itafika pakhomo, ndinaikweza pa masitandi achitsulo, pansi pake pali simenti. Jeke ndi wokwezera basi, sagonedwa pansi pake, ndipo njerwa zimasweka mosachenjeza. Mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito amadziwa kuti limeneli ndi lamulo loyamba la m'shedi muno. Kenako tinachotsa batire ndi thanki ya petulo, n'kuiika kutali ndi pamene tidzawotcherere. Pophwasula, chilichonse ndimayamba ndachijambula pa foni. Mabawuti a chitseko chimodzi amalowa m'chitini chawochawo cholembedwa dzina, ndipo waya aliyense amamangidwa kapepala kosonyeza kumene wachokera. Bawuti yogwidwa ndi dzimbiri ndimaithira mafuta, n'kuisiya igone, mawa lake n'kuitenthetsa pang'ono. Ukaikakamiza imaduka mkati, ndipo ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lathunthu. Timazitsulo tonyezimira ta m'mbali mwa magalasi, zogwirira zitseko ndi kachizindikiro ka mkango ka Peugeot ndimazikulunga m'nsalu, chifukwa zimenezi zikathyoka kuzipeza n'kovuta kuposa mapisitoni.

Saluni ya 504 ilibe chasisi chapadera ngati cha lole kapena Land Rover. Thupi lenilenilo ndilo limanyamula injini, masipuling'i ndi anthu. Choncho dzimbiri likadya pansi, ladya mphamvu ya galimoto yonse. Malo amene ndimayang'ana ndi pansi pamene pamaponda mapazi, zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko, kuseri kwa mawilo akutsogolo kumene matope amaunjikana, m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, pansi pa buti, ndi pamene pamamangirira mashokapu ndi zitsulo zogwira mawilo akumbuyo. Ndimagogoda ndi kanyundo ndi kubaya ndi sikuludiraiva. Chitsulo chamoyo chimalira momveka, chovunda chimangoti phuu. Ndimadutsitsanso maginito pa thupi lonse, ndipo pamene sakugwira ndimadziwa kuti wina anamatapo filala wochuluka. Pa galimoto imeneyi masamba a peyala anali atatseka timabowo totulutsira madzi kutsogolo kwa galasi, madzi a mvula n'kumatsikira mkati mpaka pansi pa kapeti. Kunja penti ankaonekabe bwino, koma titachotsa kapeti, mbali ya dalaivala tinkaona pansi kudzera pa chibowo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo aliyense wogula galimoto yakale aziukumbukira mwambi umenewu.

Dzimbiri silichiritsika ndi filala. Mankhwala ake ndi kudula mpaka wafika pa chitsulo choyera, n'kuikapo china. Ndimayamba ndadula katoni molingana ndi bowo, n'kujambula pa chitsulo chopyapyala, chokhuthala pafupifupi milimita imodzi ngati cha galimoto yomweyo. Zigamba zabwino ndimazidula ku madenga ndi maboneti a magalimoto otayidwa, osati malata a nyumba, amene amatulutsa utsi woipa ukawawotcherera. Makina owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo amabowola chitsulo chopyapyala chotere, choncho pamafunika gasi kapena makina a MIG. Chinsinsi ndi kusathamanga: kadontho apa, kadontho kutsidya, kudikira pazizire, n'kubwereranso, mpaka madontho onse atalumikizana. Ukawotcherera mzere wautali kamodzin'kamodzi, chitsulo chimapindika ndi kutentha ndipo chitseko sichitsekekanso bwino. Ndikatsiriza ndimapaka mankhwala oteteza dzimbiri mbali zonse ziwiri, ndi kupopera mafuta okhuthala m'kati mwa zitsulo zamphako zija, kumene burashi singafike.

Ndisanaganize zoliza injini, ndimakonza zoimitsira. Mtundu uwu wa 504 uli ndi mabuleki a disiki ku mawilo onse anayi, chinthu chimene magalimoto ambiri a nthawi yake analibe. Galimoto ikakhala zaka osayenda, mafuta a mabuleki amakoka chinyezi, mapisitoni a m'ma caliper n'kugwidwa ndi dzimbiri. Akumbuyo ndiwo amavuta kwambiri chifukwa ndi omwenso amagwira handibuleki, ndipo pisitoni yake imabwezedwa moizunguliza, osati kuimenya ndi nyundo. Kumbuyo komweko kuli kavalavu kamene kamachepetsa kapena kuwonjezera mphamvu ya buleki molingana ndi katundu amene galimoto yanyamula. Amakaniko ena amakachotsa kakauma, koma popanda iko mawilo akumbuyo amatha kumangika msanga pa msewu wonyowa, galimoto n'kutembenuka. Ine ndinakamasula ndi kukakonza. Mapaipi onse, a labala ndi achitsulo omwe, ndinaika atsopano. Fumbi la mabuleki akale sindilipemerera ndi mpweya, ndimalinyowetsa n'kulipukuta, chifukwa mapadi a nthawi imeneyo ankakhala ndi asbestos, amene amawononga mapapo. Nditatha apo ndinasintha mabushi onse ndi mashokapu. Kufewa kumene 504 imadziwika nako, kodutsa m'maenje okwera osagwedezeka, kumachokera pa masipuling'i aatali ndi wilo lililonse kuyenda palokha. N'chifukwa chake sindidula masipuling'i kuti galimoto itsike monga achinyamata ena amafunira.

Injini yake ndi ya masilinda anayi, ya 1971 cc, yogonekedwa chopendekera mbali imodzi kuti boneti itsike. Buloko ndi yachitsulo, hedi ndi ya aluminiyamu. Injini imene yagona nthawi yaitali siidzutsidwa ndi kiyi. Ndimachotsa mapulagi, n'kuthira oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, kudikira, kenako kuizunguliza ndi sipanala pang'onopang'ono ndikumvetsera. Iyi inazungulira, koma oyilo anali atayera ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi analowa. Apa ndi pamene 504 imasiyanitsa makaniko woidziwa ndi wongoyerekeza. Mapisitoni ake amayenda m'masilivi ochotseka, amene madzi oziziritsa amawakhudza mwachindunji, ndipo m'munsi mwake muli tosindikiza topyapyala toletsa madzi kutsikira ku oyilo. Ukachotsa hedi n'kuzunguliza injini masilivi usanawapanikize, amanyamuka, tosindikiza tija n'kuwonongeka. Ndiye hedi ikangochoka, ndimamanga mawashala aakulu pamwamba pa masilivi ndisanakhudze china chilichonse. Ubwino wa kapangidwe kameneka ndi wakuti injini yotha sifunika kupita nayo kokaboola buloko. Umagula masilivi, mapisitoni ndi maling'i atsopano, n'kuimanganso pakhomo pomwepo. Pobwezera, silivi iliyonse iyenera kutumphuka pamwamba pa buloko ndi kagawo kochepetsetsa ka milimita, kofanana pa onse anayi, ndipo kameneka kamayezedwa ndi chida, osati ndi chala. Hedi ndinapita nayo kwa a makina kuti akaiyeze ngati inapindika. Mabawuti ake amamangidwa ndi torque wrench kuyambira pakati kupita kunja, ndipo amabwerezedwanso galimoto ikayendako. Mavalavu amatcheredwa injini ili yozizira: 0.10 mm olowetsa, 0.25 mm otulutsa.

Zambiri zimene zinapha mainjini amenewa kuno kwathu zinachokera ku madzi. Aluminiyamu ndi chitsulo zikakhala pamodzi m'madzi wamba a pampopi kapena a pamjigo, hedi imadyeka pang'onopang'ono mpaka gasiketi kupsa. Ine ndimathira coolant nthawi zonse, ngakhale kuno madzi saundana ndi chisanu, chifukwa ntchito yake ina ndi kuteteza dzimbiri. Thermostat sindichotsa. Pali chizolowezi choti injini ikayamba kutentha, makaniko amataya thermostat n'kunena kuti ndi ya kumayiko ozizira. Chotsatira chake injini imachedwa kufunda, imamwa petulo wambiri ndipo imatha msanga, pamene vuto lenileni, radiyeta yotsekeka, likadali pomwepo. Radiyeta ya galimoto imeneyi ndinaipereka kwa mmisiri wa maradiyeta kuti aitsegule ndi kuitsuka paipi iliyonse.

Palinso nkhani ya petulo wathu. Kuyambira mu 1982 dziko la Malawi lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, poyamba ku Dwangwa, kenako ndi ku Chikwawa. Galimoto imayenda naye bwinobwino, koma ethanol amafewetsa labala wakale ndipo amakoka chinyezi, chimene chimadyetsa thanki ndi dzimbiri galimoto ikakhala osayenda. Paipi ya petulo yong'ambika pafupi ndi injini yotentha ndi moto. Choncho thanki ndinaitsuka, mapaipi onse ndinaika opirira ethanol, pampu ya petulo ndinaisintha, ndipo ndinawonjezera sefa kabureta isanafike. Kabureta yake ya Solex ndinaimasula yonse pa thebulo loyala nsalu yoyera. Majeti ake amatsukidwa ndi mankhwala ndi mpweya. Ukalowetsamo waya umakulitsa bowo, ndipo galimoto imayamba kumwa petulo mosadziwika chifukwa chake.

Tsopano za kusintha. Lamulo langa ndi lakuti ndimasintha chimene chimateteza moyo kapena kuthandiza galimoto kuyenda tsiku ndi tsiku, ndipo kusinthako kukhale kotheka kubwezera. M'malo mwa mapointi a mu distributor, amene amapsa ndi kufuna kutcheredwa pafupipafupi, ndinaika kachipangizo kamagetsi kobisika m'kati momwemo, ndipo injini imalira msanga ngakhale m'mawa wa mu June. Mapointi akale ali m'kabokosi ka pa dashibodi, kuti kachipangizoka katafa ndili kutali ndibwezeremo. Ndinaika alternator yamphamvu yokhala ndi regulator m'kati mwake. Nyali zakutsogolo ndinazidutsitsa m'ma relay ndi mafyuzi atsopano, kuti moto uzichokera ku batire mwachindunji m'malo modzera pa switchi yokalamba. Kuwala kunawonjezeka kwambiri, ndipo aliyense amene anayendapo usiku pa msewu wodzaza njinga ndi oyenda pansi akudziwa kufunika kwake. Ndinaika malamba atsopano kutsogolo ndi kumbuyo, omangidwa pa zitsulo zolimbitsidwa. Matayala ndinagula atsopano a saizi yake yeniyeni, chifukwa tayala lakale ngakhale lili ndi mano, labala wake amakhala atauma. Ena amaikamo giyabokosi ya magiya asanu yochokera ku Peugeot 505, imene inatuluka mu 1979 ndipo ndi ya banja lomwelo. Kusintha kumeneko ndimakuvomereza, chifukwa injini imapumako pa mtunda wautali ngati wa Zalewa kupita ku Lilongwe.

Chimene ndinakana ndi kuchotsa injini yake. Anzanga angapo anandiuza kuti: "Achimwene, bwanji osangoikamo ya Toyota, masipeya ali paliponse?" Ndikuwamvetsa, ndipo pa pikapu yonyamula chimanga mwina nzeru imeneyo ili ndi malo ake. Koma pa 504 shafiti yopita kumbuyo imadutsa m'chipaipi chachikulu cholumikiza giyabokosi ndi difu kukhala chinthu chimodzi cholimba. Kuti uikemo injini ndi giyabokosi zachilendo uyenera kudula, kuwotcherera ndi kusintha kamangidwe konseko, ndipo kawirikawiri galimoto imatuluka ikunjenjemera, kulemera kwake kutasokonekera. Uyeneranso kukasinthitsa nambala ya injini m'mapepala. Koposa zonse, anthu amene anaipanga anayeza injini, magiya ndi masipuling'i kuti zigwirizane. Ukachotsa chimodzi, chotsalacho chimangofanana ndi Peugeot kunja kokha.

Penti anabwera zonsezi zitatha. Ntchito yaikulu ya penti ili m'kukonzekera: kupala ndi sandipepa kuyambira wokhakhala kufika wosalala, kupaka primer, kupalanso, ndi kuyendetsa chikhato pa thupi lonse, chifukwa dzanja limamva mabampu amene diso siliona. Filala ali ndi malo ake, koma akhale wopyapyala, wosalazira pamene nyundo yawongola kale. Kupopera pakhomo kumafuna kudziwa nyengo. M'dzinja chinyezi chimachititsa penti kuchita mbuu, ndipo ku Blantyre kuno chiperoni cha mu June ndi July chimachita chimodzimodzi. Mu October vuto ndi fumbi ndi kutentha, penti amauma asanayale bwino. Ine ndimasankha tsiku louma lopanda mphepo, n'kutchinga shedi ndi mapulasitiki, kuwaza madzi pansi kuti fumbi ligone, n'kupopera m'mawa dzuwa lisanakwere. Penti wamakono wosakaniza ndi hardener ali ndi mankhwala oopsa ku mapapo. Kansalu kapamphuno sikakwanira, pamafunika chophimba chenicheni chokhala ndi masefa, ndipo ana ndi nkhuku zikhale kutali. Mtundu ndinabwezera woyera umene inabwera nawo, umene ndinaupeza wosasuluka m'kati mwa chitseko cha buti. Mipando anaisokanso telala wa mipando ku Ndirande, motsatira mizere ya nsalu yakale.

Kuiyesa ndinayambira m'misewu ya pafupi, ndikuima kawirikawiri kuyang'ana ngati pali podontha ndi kugwira mawilo ngati akutentha. Nditakhutira, ndinapita nayo kukapimitsa kuti ipeze COF ndi kulipira inshuwalansi, kenako ndinatsika nayo msewu wa Chikwawa. Chitsetserezi cha ku Thabwa chimaulula mabuleki onama, ndipo pobwerera chitunda chomwecho, ndi kutentha kwa kuchigwa, chimaulula radiyeta yonama. Inatsika ndi kukwera singano ya kutentha ili pakati. Kuyambira pamenepo imagwira ntchito ngati galimoto ina iliyonse: kutchalitchi Lamulungu, kumsika, kumudzi pa nthawi yokolola. Galimoto yokonzedwa n'kuikidwa pansi pa lona imayambanso kufa, chifukwa mabuleki amagwira, labala amauma, petulo amawonongeka m'thanki.

Wina akandifunsa ngati ntchitoyi ili ndi phindu la ndalama, ndimamuuza zoona: ndalama ndi nthawi imene imalowa kawirikawiri zimaposa mtengo umene ungaigulitsire. Phindu limene ine ndimaliona lili pa mnyamata amene ndimagwira naye ntchito. Pa galimoto iyi waona ndi maso ake mmene petulo amasakanikirana ndi mpweya, mmene moto umafikira pa pulagi, mmene buleki imagawira mphamvu. Akagwira galimoto yamakono, kompyuta ikamuuza nambala ya vuto, amadziwa chimene chikuchitika m'kati mwa chitsulo. Amisiri amene ankadziwa kutchera kabureta ndi khutu akutha, ndipo magalimoto amene ankaphunzirirapo akupita kwa ogula zitsulo pa sikelo. Ngati pakhomo panu pali Peugeot 404, 504, Datsun, Land Rover kapena Beetle ya makolo anu, ndipo lero mulibe ndalama zoikonzera, ichotseni pansi pa mtengo, muikweze kuti matayala asagunde dothi, muifunditse mosatsekereza mpweya, muzizunguliza injini ndi sipanala nthawi ndi nthawi, ndipo blue book muisunge pabwino. Mukatero, tsiku limene inu kapena mwana wanu adzafune kuidzutsa, makaniko adzapeza poyambira.